Mmene Mungakonzekerere ndi Kulemba Mayeso a GMAT Osataya Madola Anu Pachabe

Anthu ambiri amene amagwa pa GMAT si mbuli. Ena ndi maakauntanti, ena ndi mainjiniya amene masamu ankawadya ngati nsima kuyambira ku sekondale. Chimawagwetsa n'chakuti amakonzekera ngati akupita kukalemba MSCE: kuloweza, kuchezera usiku mapazi ali m'beseni la madzi, kenako kukalimbana ndi funso lililonse mpaka litagonja. GMAT siyendera zimenezo. Imayesa ngati mungathe kusankha msanga wotchi ikukuthamangitsani, komanso ngati mungalolere kusiya funso limene lakukanikani. Ine ndinalemba kawiri. Ulendo woyamba ndinathera mphindi 7 pa funso limodzi la masamu chifukwa cha matama, ndipo mafunso 3 omaliza sindinawaone n'komwe.

Mayesowa amayendetsedwa ndi bungwe la GMAC, ndipo ndi amene sukulu zambiri za bizinesi monga INSEAD, London Business School ndi Wharton zimalandira kwa ofuna MBA, digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka bizinesi.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Pasipoti imene sinathe ntchito. Mukakalembera kunja kwa dziko lanu, chitupa china sachilandira.
- Akaunti pa mba.com, tsamba la eni mayeso.
- Khadi la ku banki lololedwa kulipira pa intaneti m'madola. Ku America mtengo ndi madola 275 mukalembera pamalo awo ndi 300 mukalembera kunyumba pa intaneti. M'mayiko ena umasiyanako.
- Laputopu kapena kompyuta. Foni siyenera pochita mayeso oyeserera.
- Official Starter Kit, imene ndi yaulere pa mba.com ndipo ili ndi mayeso oyeserera athunthu 2.
- Buku la GMAT Official Guide la mayeso atsopano.
- Kope lochindikala limodzi, lolembamo zolakwa zanu zokha.
- Bolodi yaing'ono yoyera ndi maka yofufutika.
- Miyezi 3, maola 10 mpaka 12 pa sabata.

Gawo 1: Funsani kaye sukulu zimene mukufuna

Musanagule buku lililonse, lembani mayina a sukulu 4 kapena 5 n'kutsegula masamba awo. Onani zinthu 3: mayeso amene amalandira, malikisi a ophunzira amene anawatenga chaka chatha, ndi tsiku lotsekera kulandira makalata ofunsira malo. Sukulu zambiri zimalandiranso mayeso ena otchedwa GRE m'malo mwa GMAT. Mapulogalamu a maphunziro a anthu amene ali kale pa maudindo nthawi zina amafuna Executive Assessment, mayeso a mphindi 90 okha. Sukulu zina za ku South Africa zimalandira mayeso a NMAT, omwenso ndi a GMAC. Sukulu zazikulu za ku America nthawi zambiri zimatseka ulendo woyamba wolandira makalata mu Seputembala, wachiwiri mu Januwale.

Chenjezo: malikisi amene mungaone pa masamba ena ndi a mayeso akale, amene ankafika 800 ndipo anatha pa 31 Januwale 2024. A masiku ano amayambira 205 kufika 805 ndipo nthawi zonse amathera ndi 5. Wopeza 645 lero ali pamlingo wa amene ankapeza 700 kale. Ndaonapo munthu akutaya mtima ndi 655 poganiza kuti walephera, pamene anali atakhoza bwino kwambiri.

Gawo 2: Dziwani mmene mayeso akhalira

Muli zigawo 3, chilichonse mphindi 45, zonse pamodzi maola 2 ndi mphindi 15, mafunso 64.

Quantitative Reasoning ili ndi mafunso 21 a masamu wamba ndi aljebura. Kalikuleta saloledwa. Funso lililonse muli nalo mphindi 2 ndi masekondi 9.

Verbal Reasoning ili ndi mafunso 23: kuwerenga nkhani n'kuyankha, ndi kuunika mfundo za munthu ngati zikugwirana. Pano mphindi 2 pa funso sizikwana n'komwe.

Data Insights ili ndi mafunso 20 a matebulo, magirafu, makalata ndi mtundu wina wotchedwa Data Sufficiency. Apa pokha ndi pamene kalikuleta imaoneka pa sikirini.

Chigawo chilichonse chimapatsidwa malikisi kuyambira 60 mpaka 90, ndipo zonse 3 zimalemera mofanana. Kompyuta imasintha mafunso potengera mayankho anu: mukakhoza imakupatsani lovutirapo, mukalakwa imatsitsa. Tanthauzo lake n'lakuti aliyense, ngakhale katswiri, amafika pamene mafunso amamuvuta. Mukaona kuti zakulimbani, musaganize kuti mukulephera.

Chenjezo: mabuku akale adakali mbwee, ena amagulitsidwa otchipa, ena amayenda pa WhatsApp. Mukaona buku lili ndi Sentence Correction (kukonza ziganizo), jometiri kapena kulemba chimangirizo, dziwani kuti ndi la mayeso amene anasinthidwa mu Novembala 2023. Mutaya masabata kuphunzira zimene sizidzabwera.

Gawo 3: Lembani mayeso oyeserera musanawerenge kalikonse

Apa ambiri amazemba. Amati ndiyambe ndawerenga kaye kuti ndisachite manyazi. Manyazi kwa ndani? Sankhani Loweruka m'mawa, zimitsani foni, tsegulani mayeso oyeserera oyamba a mu Starter Kit, lembani zigawo zonse 3 osaimitsa wotchi. Malikisi amene mupeze ndiwo poyambira panu. Popanda iwo mudzangowerenga zimene mumazikonda kale. Wa akaunti amathamangira masamu, loya amathamangira nkhani, aliyense kuthawa pamene pali bala.

Chenjezo: mayeso aulere ndi 2 okha. Ena 4 ndi ogula. Musamalize onse mwezi woyamba.

Gawo 4: Tsegulani kope la zolakwa

Mukandifunsa chinthu chimodzi chimene chinandikweza ulendo wachiwiri, ndi kope limeneli, osati buku lina kapena mphunzitsi.

Gawani tsamba m'mizere 5: tsiku, funso ndi pamene lili, mphindi zimene linatenga, chifukwa chimene munalakwira, ndi chimene mudzachite mukakumananso nalo. Mzere wachinayiwo ndiwo mwini nkhani. Musalembe kuti "ndinangolakwitsa" kapena "sindinasamale". Mawu amenewo sachiza kanthu. Lembani zenizeni: "anafunsa mtengo wa zinthu 2, ine ndinayankha wa chimodzi", "ndinaiwala kuti 0 ndi nambala yogawika ndi 2", "sindinaone mawu akuti EXCEPT". Lembaninso mafunso amene munakhoza mwamwayi, ndi amene munakhoza koma atadya mphindi 4. Amenewonso ndi ngongole.

Pakatha masabata 3 mudzadabwa. Kope langa linaonetsa kuti zolakwa zambiri za masamu sizinali za kusadziwa ayi. Ndinkasiya kuwerenga funso ndisanafike mzere womaliza, ndikangoona nambala dzanja linkayamba kale kulemba. Mankhwala ake anali kulemba pakona ya bolodi chimene akufunacho, monga "x + y = ?", ndisanawerengere kalikonse.

Lamlungu lililonse musachite mafunso atsopano. Bwerezani a m'kope, mayankho mutaphimba. Limene mwakhoza kawiri motsatizana lidutseni mzere. Ndi bwino kuchita mafunso 15 n'kuthera ola mukuwaunika kusiyana ndi kuchita 60 n'kungowerenga kuti mwapeza angati.

Gawo 5: Masamu opanda kalikuleta

Zimene zimabwera si zachilendo: maperesenti, magawo, mareshiyo, liwiro ndi mtunda, ntchito yogwira anthu angapo, ma average, mwayi, ndi makhalidwe a manambala. Vuto ndi lakuti ambiri a ife tinasiya kuwerengera pamutu tsiku limene tinadziwa Excel. Masabata 2 oyamba bwezeretsani zala: matebulo mpaka 15, masikweya mpaka 20, ndi magawo monga 1/8 kukhala 12.5 peresenti.

Misampha yake ili chonchi. Thumba la chimanga la K50,000 likakwera ndi 20 peresenti, kenako n'kutsika ndi 20 peresenti, lili pa ndalama zingati? Wothamanga amati K50,000. Koma likakwera lafika K60,000, ndipo 20 peresenti ya K60,000 ndi K12,000, kotero latsikira pa K48,000. Yankho lolakwika lija lidzakhala lili pomwepo pa sikirini likukudikirani, chifukwa olemba mayeso amadziwa bwino pamene anthu amaterereka.

Phunziraninso njira zachidule. Funso likakhala la zilembo zokhazokha, ikani manambala anu, monga 100 pa maperesenti. Nthawi zina kuyesa mayankho 5 osankhapo amene funso limabwera nawo kumafulumira kuposa aljebura. Palibe mphunzitsi wodzaona mmene mwayendera.

Gawo 6: Kuwerenga Chingerezi mothamanga

Nkhani zake zimakhala za sayansi, mbiri, chuma, zolembedwa mowuma dala. Simukufunika kudziwa mutuwo. Mukawerenga ndime, lembani mawu 4 kapena 5 onena ntchito ya ndimeyo: "maganizo akale", "wolemba akutsutsa", "chitsanzo". Samalani timawu totembenuza nkhani monga however, although ndi yet, pakuti maganizo enieni a wolemba amabisala pambuyo pake. Tsiku lililonse werengani kwa theka la ola nyuzipepala yolemera ngati The Economist kapena Financial Times, pa sikirini, osati papepala.

Pa mafunso ounika mfundo, pezani kaye chimene munthuyo akufuna kuti muvomere, kenako umboni wake, kenako dzenje lili pakati. Mwachitsanzo: mwini golosale anapenta shopu yake mu Epulo, malonda anakwera mu Meyi, ndiye akuti penti ndi imene yakopa anthu. Dzenje lili pati? Mwina mu Meyi alimi anali atagulitsa mbewu ndipo m'matumba munali ndalama. Yankho lofooketsa mfundo yake lidzakhala loloza chifukwa china chotero. Yankho lolimbikitsa lidzakhala lotseka dzenjelo, monga lakuti mashopu oyandikana nawo malonda awo sanasinthe.

Chenjezo: musabweretse zimene mukudziwa kuntchito. Yankho likhoza kukhala loona m'moyo koma losagwirizana ndi zimene zalembedwa. Opatsa malikisi amangoona zili pa sikirini.

Gawo 7: Data Insights, chigawo chimene ambiri amachisiyira kumapeto

Musachisiye. Chili ndi mitundu 5 ya mafunso, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi timagawo tingapo timene muyenera kukhoza tonse kuti mupeze malikisi. Mukakhoza 2 mwa 3 simupeza kanthu.

Data Sufficiency ndi mtundu umene simunauonepo kusukulu. Amakupatsani funso ndi mfundo 2, ndipo sakufuna yankho la funsolo. Akufuna kudziwa ngati mfundozo zikukwanira kulipeza. Mayankho ake ndi omwewomwewo nthawi zonse: yoyamba yokha ikukwanira, yachiwiri yokha ikukwanira, zikukwanira zikaphatikizidwa, iliyonse payokha ikukwanira, kapena ngakhale zonse pamodzi sizikukwanira. Alowezeni kuti musamawawerenge tsiku la mayeso.

Tiyese. Kodi x ndi ingati? Mfundo yoyamba: x kuchulukitsa ndi x ndi 16. Mfundo yachiwiri: x ndi yoposa 0. Wopupuluma amati yoyamba ikukwanira, x ndi 4. Waiwala kuti -4 nayonso ikugwira. Yachiwiri payokha siuza kanthu. Mukaziphatikiza mpamene patsala 4 yekha. Choncho yankho ndi lachitatu.

Chenjezo: poyesa mfundo yachiwiri, iwalani yoyamba ngati simunaione. Ndiponso funso likakhala la inde kapena ayi, "ayi" wotsimikizika ndi wokwanira ndithu. Chosakwanira ndi "nthawi zina inde, nthawi zina ayi".

Pa matebulo, sankhani mzere pa kabokosi kosanjira (Sort by) kuti manambala asanjike okha m'malo mosaka ndi maso. Pa magirafu, yambani mwawerenga ngati manambala ali m'masauzande, m'mamiliyoni kapena m'maperesenti.

Gawo 8: Phunzirani kutaya funso

Lembani pa bolodi malo 2 oonera wotchi. Pa masamu, pakatsala mphindi 30 mukhale mwamaliza mafunso 7, pakatsala 15 mukhale mwamaliza 14. Osayang'ana wotchi funso lililonse, imangokuonjezerani mantha.

Funso likadya mphindi 2 ndi theka njira isanaoneke, chotsani mayankho amene akuoneka kuti ndi abodza, sankhani limodzi mwa otsalawo, ikani chizindikiro chodzabwererapo, pitirirani. Mukamaliza chigawo nthawi ikadalipo, mumaloledwa kuonanso mafunso ndi kusintha mayankho osaposa 3. Koma mwayi umenewo umabwera pokhapokha mwayankha onse. Mafunso osayankhidwa ali ndi chilango, ndiye wotchi ikatsala mphindi imodzi, dinani chilichonse.

Mumasankhanso nokha chigawo choyambira. Yesani ndondomeko zosiyana pa mayeso oyeserera. Ine ndinkayamba ndi Verbal mutu ukadali wozizira, chifukwa Chingerezi chowuma chija sichilowa munthu akatopa.

Gawo 9: Kulembetsa

Lembetsani pamene mayeso oyeserera 2 otsatizana afika pafupi ndi malikisi amene mukufuna, koma siyani malo oti mudzabwereze. Pakati pa mayeso ndi mayeso pamayenera kudutsa masiku 16, ndipo simungalembe koposa ka 5 m'miyezi 12. Tsiku lanu loyamba likhale miyezi 2 sukulu isanatseke.

Dzina limene mulembe pa mba.com lifanane ndi la pa pasipoti chilembo ndi chilembo. Ngati pa pasipoti pali Chimwemwe Mary, musalembe Mary yekha. Pitani ku banki kukadali masabata angapo kukafunsa malire a khadi lanu pa ndalama zakunja. Ine khadi linakanidwa katatu ndipo tsiku limene ndinkafuna linatengedwa ndi wina. Kusintha tsiku kuli ndi mtengo wake, ndipo umakwera tsikulo likamayandikira.

Pa tsamba lomwelo mudzaona malo olembera amene muli nawo pafupi, oyendetsedwa ndi kampani ya Pearson VUE. Ngati ulendo ukufuna kudumpha malire, werengeranitu thiransipoti ndi kogona, ndipo mukafike dzulo lake.

Kulembera kunyumba kumaoneka kophweka, koma ganizani kawiri. Pamafunika chipinda chotseka chimene simulowa munthu, kamera, maikolofoni ndi intaneti yosadukaduka kwa maola pafupifupi 3. Kumene magetsi amazimazima, laputopu ikhale yodzadza, rauta ikhale pa inveta kapena batire, ndipo bandulo ikhale yokwanira. Laputopu ya kuntchito ipeweni, chifukwa a IT amatsekera mapulogalamu achilendo. Yesani makina anu pa tsamba lawo kukadali sabata imodzi kuti mulembe. Bolodi yololedwa isapose masentimita 30 ndi 50, maka 2 ndi chofufutira chimodzi.

Gawo 10: Tsiku la mayeso

Dzulo lake musaphunzire zatsopano. Werengani kope la zolakwa kwa ola limodzi, ikani pasipoti m'chikwama, gonani.

Fikani kukadali mphindi 30. Adzaona pasipoti, adzakujambulani chithunzi, ndipo m'malo ambiri adzaunika mitsempha ya m'chikhatho chanu pa kamakina. Foni, wotchi, chikwama, zonse zimatsekeredwa mu loka. Adzakupatsani kabuku ka masamba a pulasitiki ndi maka. Yesani makayo musanayambe, ikakhala youma kwezani dzanja. Kabuku kakadzadza, kwezaninso dzanja akupatseni kena.

Muli ndi mpumulo umodzi wa mphindi 10, mukatha chigawo choyamba kapena chachiwiri. Utengeni. Imwani madzi, idyani nthochi kapena mtedza, pitani kuchimbudzi, bwererani pakatha mphindi 7 chifukwa pakhomo adzakuunikaninso, ndipo mukachedwa nthawiyo imadulidwa pa chigawo chotsatira. Foni musaikhudze ngakhale kungoona nthawi. Mayeso anu akhoza kuthetsedwa.

Mukalembera kunyumba, musawerenge mafunso mokweza, musachoke pa kamera, ndipo anthu apakhomo muwauziretu. Mwana akangotsegula chitseko kudzafunsa za ndiwo, woyang'anira ali ndi mphamvu yoimitsa mayeso.

Gawo 11: Mukamaliza

Malikisi osatsimikizika amaoneka pa sikirini nthawi yomweyo. Otsimikizika amafika mu akaunti yanu kawirikawiri pakatha masiku 3 mpaka 5, ndipo amagwira ntchito zaka 5. Akangofika muli ndi maola 48 otumiza kwaulere ku mapulogalamu 5. Akadutsa maolawo, mumalipira pa sukulu iliyonse. Mayina a sukulu mukhale mutawakonzeratu. Lipotilo limaonetsanso mitundu ya mafunso imene inakuvutani ndi nthawi imene munathera pa funso lililonse. Ngati mukubwereza, yambirani pamenepo.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka

Kuyeserera mosiyana ndi tsiku lenileni. Kuimitsa wotchi kuti muyankhe foni, kulemba chigawo chimodzi lero china mawa, kugwiritsa kalikuleta pa masamu "lero lokha". Malikisi otuluka pamenepo ndi onama, ndipo mudzalembetsa mayeso musanapse.

Kudalira mafunso otoledwa m'magulu a pa WhatsApp ndi Telegram. Ambiri ndi a mayeso akale, ena mayankho ake ndi olakwika. Amene amati ali ndi mafunso enieni obedwa, kapena kuti akulemberani, athaweni. GMAC imathetsa malikisi, imaletsa munthu kulembanso, ndipo ikhoza kudziwitsa sukulu.

Kuwerenga Loweruka lokha maola 8. Ola limodzi ndi theka m'mawa uliwonse musanapite kuntchito limapindula kuposa pamenepo.

Kusintha mayankho chifukwa cha mantha. Mwayi wa mayankho 3 uja ndi wa pamene mwaona cholakwa chenicheni, osati pamene mtima wangogunda.

Kuganizira chigawo chimene chadutsa. Mukaona ngati masamu sanayende, simungadziwe zoona zake chifukwa kompyuta inkakupatsani ovuta dala. Ulendo wanga wachiwiri ndinatuluka pa mpumulo ndili wotsimikiza kuti ndagwanso, koma masamuwo ndi amene anandipatsa malikisi ambiri.

Kubwereza pakangotha masiku 16 osasintha kalikonse. Ngati kope la zolakwa silinakule ndipo mayeso oyeserera sanakwere, mukungoperekanso madola ena kuti muone nambala yomweyo.

Kuiwala kuona tsiku lothera pasipoti. Itsegulireni lero lomwe, musanalipire, chifukwa ikatha ntchito pakati pa kulembetsa ndi tsiku la mayeso, pakhomo adzakubwezani ndipo ndalama sabweza.